Mpweya wa Matimati a Ababa

Lolemba, 3 Malichi

Zamera zisanu ndi zinayi. Naini basi, pa njere 23 zimene zinali mu envulopu ya Ababa. Envulopuyo ndaigwedeza kawiri, ndasuzumiramo, mulibe kanthu. Ndiye kuti matimati achikasu amizeremizere aja, amene Ababa ankasankha okha chaka ndi chaka mpaka kumwalira kwawo, padziko lonse atsala m'timapoto naini tili m'chipinda changa chaching'onochi. Dimba lawo linapita pamodzi ndi nyumba, wogulayo anathirapo simenti kuti aziimikapo galimoto. Zikafa izi, basi kwatha.

Kuno kunsanjika yachitatu dothi kulibe, dzuwa limangosuzumira pawindo ola limodzi n'kumapita. N'chifukwa chake ndinagula tenti yolimiramo m'nyumba. Ndilembe mmene ndaikira zinthu, kuti wina akasuntha ndidziwe.

Getsi pamwamba. Fani yaikulu pamwambanso, imakoka mpweya wotentha n'kuutaya pawindo kudzera m'paipi. M'munsi muli timawindo tiwiri ta sefa tolowetsa mpweya watsopano, kamodzi kumbuyo, kena kumbali ya kabati. Tinsalu tovindikira timawindoto ndatipinda ndekha ndi manja angawa, tonse n'totsekula. Kenako kafani kakang'ono kopanira pachitsulo, koyang'ana kukhoma la tenti, osati ku mbande. Wogulitsa tenti uja anati masamba azingonjenjemera pang'ono, asamawerame.

Vuto ndi limodzi, mng'ono wanga. Makina ake osokera amakhala m'chipinda chomwechi. Iye amabwera m'mawa ine ndikamapita kuntchito, n'kusoka tsiku lonse. Lero ndapeza tiubweya tofiira ta nsalu pamwamba pa dothi la kapoto kachitatu. Ndamukalipira ndithu. Ndati, "Fumbi la nsalu zakozi likulowa m'tenti, lindiphera mbande. Ndipo usakhudze chilichonse, wamva?" Iye amangoluma ulusi. Munthu wa zaka 38, ukamamulankhula iye n'kumaluma ulusi!

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndabwerako kuntchito, m'chipinda muli mbee, mosesa, mokolopa. Matumba a zidutswa za nsalu wawasanja bwinobwino pakati pa tenti ndi kabati. Koma tenti yasuntha, ndaona pamzere wa matailosi. Ndafunsa. Ati, "Ndimasesa, achemwali." Kusesa mpaka kukankha tenti? Ndangomusiya poti mutu umandiwawa, kusitolo yathu ya mankhwala kunali anthu ngati tikugawa zaulere.

Zonse 9 zili bwino.

Lachinayi, 6 Malichi

Pali chimene chalakwika. Makoma a tenti alowa mkati ngati masaya a munthu wopanda mano. Fani yaikulu ikulira mwachilendo. Kawotchi koyeza kutentha ndi chinyezi kakuti 31, chinyezi 84, pomwe sabata yatha sichinapitirire 60. Nditatsekula zipi kandilandira kafungo ka m'bafa, timadzi tili pakhoma ponseponse.

Ndidakali kakasi choncho, atulukira alamu anga kudzatenga mkazi wawo. A Injiniya. Amakonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'maofesi, ndiye chilichonse chokhala ndi waya amachiyesa chawo. Alowetsa mutu m'tenti osapempha n'komwe.

"Alamu, kafani aka kakukupiza khoma bwanji? Khomali likumva kutentha?" Kenako kuseka okha.

Ndawafotokozera bwinobwino kuti mphepo iyenera kumenya khoma kaye, ifike pa mbande itafewa. Ati iwo atha zaka 15 akuyendetsa mpweya m'maofesi a mabwana, palibe chimene ndingawauze. Ndati mabwana anuwo ali ndi tsinde lowonda ngati ulusi? Mng'ono wanga anayamba kuseka, kenako wadzigwira pakamwa. Ndawauza momveka bwino, m'Chichewa chosavuta: musakhudze.

Lachisanu, 7 Malichi

Akhudza. Abale inu, AKHUDZA.

Ndapeza kafani kataloza mbande maso ndi maso, pa liwiro lomaliza, pafupi kwambiri moti chikhatho sichikanadutsa pakati. Mbande zonse zawerama mbali imodzi. Masamba apindika, m'mphepete mwauma ngati pepala. Ziwiri za kutsogolo zagona pansi, lobodo. Ndayesa kuziimika ndi timitengo ta machesi, ayi ndithu, zapita.

Mng'ono wanga akuti a Inj. anabwera masana kudzaona mkazi wawo, anaona chinyezi chili pa 86, ndiye "anathandiza". Ndawaimbira foni pomwepo. Iwo osachita manyazi n'komwe: "Alamu, koma chinyezi chatsika, eti?" Chatsika ndi awiri! Chafika 84! Mbande ziwiri za bambo anga zife kuti nambala itsike ndi awiri! Ati mbewu zofooka zimafa ndithu, n'chilengedwe. Ndadula foni ndisanatulutse mawu oti mawa ndichite nawo manyazi.

Mng'ono wanga: "Ndinawaletsa, achemwali." Unawaletsa ndi chiyani, ndi maso? Munthu uli ndi sizasi m'manja!

Kafani ndakabweza kukhoma, ndakamanga ndi waya mfundo zitatu. Koma makoma akadali olowa mkati, timadzi tikadalipo. Ndiye kuti vuto lenileni silinachoke.

Zatsala 7.

Loweruka, 8 Malichi

Lero mng'ono wanga sakusoka, ndiye ndasiya zipi yotsekula. Ola limodzi lokha chinyezi chatsika kufika 62. Ndikatseka chikwera, ndikatsekula chitsika. Ndinati basi, wolakwa ndamupeza, ndi fani yaikulu, siikukoka. Ndaimasula, ndaikulunga m'thaulo, ulendo wa kusitolo kumene ndinagula tenti, mawu okalipa nditawakonzeratu m'basi.

Wogulitsa uja waiyatsa pakauntala. Yayamwa kapepala kali patali, kuti fwaa. Ati, "Mayi, faniyi ilibe vuto. Makoma akamalowa mkati kwambiri ndiye kuti ikukoka, koma mpweya ulibe polowera. Timawindo ta m'munsi tija n'totsekula?"

Ndamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndati ndinatsekula ndekha, tonse tiwiri, ndinalembanso m'buku. Ati, "Mukaonenso, mayi." Ndikaonenso chiyani? Munthu wogulitsa matenti, koma ndikukhulupirira sanadzalepo ngakhale anyezi, azindiphunzitsa kutsekula windo ine! Ndanyamula fani yanga osatsanzika.

Ndaibwezera pamalo pake. Matumba ndi tenti sindinasunthe. Msana umandiwawa, komanso ndionerenji chinthu choti ndikuchidziwa kale?

Lamlungu, 9 Malichi

Ina yagwa. Tsinde lawola pamene lakumana ndi dothi, lawonda ngati alifinya ndi zikhadabo. Zatsala 6. Chakudya chandikanika.

Lolemba, 10 Malichi

Koma anthu ena Mulungu anawapatsa mtima wolimba. A Inj. afika madzulo atasenza chifani cha pansi, chachikulu ngati gudumu la galimoto, chochokera kumalo awo a ntchito. Ati abwera kudzapepesa. Ati tichiimike pakhomo la tenti, chiuzire mkati, chinyezi chonse chithawa. Kupepesa kwake kumeneko? Wapha ziwiri ndi kafani, tsopano wabwera ndi chifani kudzamaliza zotsala!

Ndati alamu, mbande si bwana wotuluka thukuta. Mpweya uyenera kulowa pansi, kudutsa, kutuluka pamwamba. Si nkhani ya kuchuluka kwa mphepo. Ati, "Ndiye bwanji sukudutsa?" Apa andigwira, ndipo n'chimene chandipsetsa mtima kwambiri. Ndawatsekulira chitseko, atsika nacho chifani chawo masitepe a nsanjika zonse zitatu akung'ung'udza.

Mng'ono wanga anatsalira kupinda nsalu. Ati, "Achemwali, bwanji masana ndikamasoka ndizitsekula zipi? Ndiziyang'anira ine."

Ndati kuti fumbi lako lilowe bwino?

Ati, "Ndi matimati a Ababa. Nanenso ndikufuna apulumuke."

Ndati, "Envulopu ija Ababa anapatsa ine. Ankadziwa chifukwa chake."

Wangoima, nsalu ili m'manja. Kenako waiika pansi pang'onopang'ono, watenga chikwama chake, wapita osatsanzika. Apite. Ndanena zabodza kodi? Anapatsa ine. Ndine ndinasunga envulopuyo zaka zisanu m'botolo, ndine ndinagula tenti, ndine ndimadzuka m'mawa kuyeza madzi ndi supuni. Iwo awiri achitapo chiyani kupatula fumbi ndi mphepo?

Zikadali 6.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ziwirinso. Pamwamba pa dothi pamera chuku choyera. Chinyezi 88. Ndakhala pansi patsogolo pa tenti ndi yunifolomu yanga ya kuntchito, ndalira mokwiya, kulira kotukwana.

Mng'ono wanga anasoka lero, ndaona tiulusi m'bini, koma anachoka ndisanafike.

Ndapempha tchuthi cha mawa. Nditulutsa zonse, nditsuka tenti yonse, ndiona ngati muli mfiti.

Zatsala 4.

Lachitatu, 12 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa ndatulutsa timapoto, ndachotsa matumba a zidutswa aja, ndakokera tenti pakati pa chipinda. Ndagwada kumbali ya kabati kuti ndipukute sefa. Sefa kulibe. Pali kansalu kovindikira kaja, kotsitsidwa, kosalala. Ndakakoka, kali gwa. Ndayang'anitsitsa. KASOKEDWA. Ulusi wakuda pa nsalu yakuda, timisoko tating'onoting'ono tofanana, kuzungulira mbali zonse, m'makona atabwereza kawiri. Ndakwawira kumbuyo. Chimodzimodzi. Timawindo tonse tiwiri, totsekedwa ngati thumba la buluku.

Masiku asanu ndi atatu mbande za Ababa zakhala zikubanika, fani ikukoka m'thumba lotseka. Ine n'kumakalipira wogulitsa. Ine n'kunyamula fani m'basi ngati mwana wodwala!

Ndidakali chigwadire, kiyi walira pachitseko. Mng'ono wanga walowa, waona tenti ili pakati, waona nkhope yanga.

Ndati, "Ichi n'chiyani?"

Ati, "Ndinatseka mabowo aja."

Mabowo! Ati mabowo! Ndakuwa mpaka a pansi agogoda denga lawo ndi tsache. Ndati ndi mphuno za tenti zimenezo, polowera mpweya, wazisoka mphuno iwe! Zisanu zapita! Ndinati usakhudze, Chichewa chake chinakuvuta pati?

Anayamba watuwa, wakhala pampando wa makina. Ndimayesa aluma ulusi monga mwa masiku onse. Ayi. Wayankha, ndipo mawu ake ndiwalemba mmene anawanenera, chifukwa akundilira m'mutu.

"Munati fumbi langa lipha mbande. Ndinafufuza polowera fumbi, ndinapapeza. Zomatira zake sizigwira bwino m'mbali, ndiye ndinasoka. Ndinagwada apa maola atatu, diresi la mwini ukwati likudikira. Munandiuzapo kuti timawindoto n'ta chiyani? Munauza alamu anu, munauza buku lanulo. Ine munangoti usakhudze."

Ndati ukanafunsa!

Ati, "Inu mumafunsika?"

Kenako ati, "Ndi bambo anganso, achemwali." Wanyamuka, wavindikira makina ake ndi nsalu, wapita. Masana dzuwa likuswa mtengo, ntchito ili mbwee patebulo.

Ndatenga lezala kuti ndimasule ndekha. Koma kasokedwe kake! Ola lathunthu pa windo limodzi, ndipo pomaliza ndang'amba sefa, chibowo choti nkhonya ikhoza kulowa. Linalo ndalisiya, maso samaonanso bwino. Ngakhale ndi limodzi lokhalo, nditayatsa fani makoma afutukuka pang'ono, kulira kwake kwachilendo kuja kwasiya. Chinyezi 70.

Ndakwiya. Ndakwiyira iye chifukwa chosoka, ndakwiyira a Inj. chifukwa cha ziwiri zija, ndakwiyira wogulitsa chifukwa ananena zoona. Amene ndamukwiyira koposa onse sindimulemba, akudzidziwa, ndi amene wagwira cholemberachi.

Lachinayi, 13 Malichi

Sanabwere. Makina ali chivindikirire. Mayi wa diresi la ukwati wagogoda kawiri, ndamuuza kuti telala akudwala. Tsopano ndikumunamira, munthu wondiphera mbande!

Imodzi imene inali itayamba kale kuwola yagwa. Zatsala 3. Komanso kafani sindikudziwa ngati kali bwino. Nditseka zipi, ndisuzumira pakawindo koonera, masamba awiri akugwedezeka, kapoto ka pakona kali zii. Ndisuntha, ka pakona kagwedezeka, tinato tiwerama. Munthu mmodzi sungasunthe fani mkati uku ukuyang'ana kunja zipi ili yotseka. Ndayesa kasanu.

Za envulopu ija. Tsiku limene Ababa anaitulutsa pansi pa pilo kuchipatala, mng'ono wanga anali atapita kukawachapira zovala. Ndine ndinali pafupi ndi bedi, basi. Ndipo sanati "sunga". Anati "musunge". Zaka zisanu ndakhala ndikudziuza kuti ankandilemekeza poti ndine wamkulu. Ababa sanandilemekezepo choncho chibadwire changa, ankanditchula iwe mpaka tsiku lomaliza.

Foni ndaigwira katatu. Sindinaimbe. Bwanji aimbe iye? Wasoka ndi iye.

Lachisanu, 14 Malichi

Wafika hafu sikisi, ndisanasambe n'komwe. Moni wopanda mchere. M'manja kachikwama ka singano ndi kansalu kopyapyala koyera, konga ka chophimba kumaso cha mkwatibwi.

Wagwada kumbuyo kwa tenti osandifunsa. Windo limene ine likananditengera ola, iye mphindi khumi, ulusi wonse wautulutsa wathunthu osakhudza sefa. Wafika pa limene ndinang'amba lija, wayang'ana, wandiyang'ana. Ati, "Munagwiritsa ntchito chikwanje?" Ndati ndinagwiritsa ntchito mkwiyo. Sanaseke, koma pakamwa panasuntha. Wazigamba sefayo, kenako pa timawindo tonse wakutirapo kansalu kopyapyala kaja. Wandipatsa kachidutswa kuti ndiuzire. Mpweya ukudutsa. Ati fumbi lokha ndi limene lizitsalira kunja, ndipo kakada azikachotsa n'kuchapa.

Ndamuuza za kafani, kuti sindikuona kumene mphepo ikupita. Ndamuuza zonse, za pansi, za pamwamba, za khoma, mmene ndikanamuuzira Lolemba lija. Wamvetsera mpaka kumapeto. Kenako wadula tiulusi toyera tisanu, watimangirira pachitsulo cha pamwamba, totalika mpaka kulekeza pamutu pa mbande, kamodzi pakona iliyonse, kena pakati. Ati, "Ulusi sunama. Sunthani inuyo, ndiziyang'ana ine."

Ndiye ine kulowetsa mkono, kusuntha kafani, kutseka zipi, iye diso pakawindo koonera. "Ka pakona kagona." Ndasuntha. "Ka pakati kakuvina kwambiri." Ndakweza pang'ono, ndapendekera kukhoma. "Bwererani pang'ono. Pang'ononso. Mwapitirira, achemwali, mumapitirira nthawi zonse." Ndameza mawu. Kachisanu ndi chiwiri ati, "Basi. Pomwepo."

Ndasuzumira. Tiulusi tonse tisanu tikunjenjemera mofanana, pang'onopang'ono, ndi masamba omwe. Palibe chowerama. Chinyezi 61. Makoma angolowa pang'ono chabe mmene amafunikira.

Mbande yapakati yatulutsa masamba enieni, amanomano, aubweya. Waiyang'ana nthawi yaitali. Kenako, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu pamaso pa ahedi, ati, "Ndingakhudze?"

Mayi wa zaka 38. Kupempha chilolezo kwa ine kuti akhudze matimati a bambo ake.

Ndatsekula zipi mpaka pansi. Wasisita tsamba ndi zala ziwiri, wazinunkhiza, watseka maso. Kenako wandiika zalazo pamphuno. Fungo la manja a Ababa akamachokera kudimba, lenileni. Tangoima choncho, basi yanga ya seveni n'kundisiya.

Ndatenga envulopu yopanda kanthu ija m'kabati, ya zilembo zawo, ndaiika m'kadilowa ka makina ake pamodzi ndi singano. Ndati, "Anati musunge." Ati, "Ndikudziwa, ndinali pachitseko ndi beseni."

Ndapita kuntchito zipi ili m'manja mwake, osasiya lamulo lililonse.

Zatsala 3.